Galimoto ithamanga masekondi anayi okha, nanga amakaniko khumi aja amatani?

Funso: Ndine makaniko, kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala zaka zisanu ndikugwira ntchito pa galaja ina ku Johannesburg. Ndimakonda kuonera pa YouTube mipikisano ya ku America ija amati drag racing, ya magalimoto awiri othamanga molunjika. Chikundizunguza mutu n'chakuti mpikisano umatha m'masekondi anayi, koma galimoto imodzi imazunguliridwa ndi anthu pafupifupi khumi. Onsewo amatani? Kodi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo moyo wonse? Ndipo makaniko ngati ine angalowemo, mwina mpaka kudzakhala dalaivala?

Yankho: Achimwene, mwafunsa ngati munthu wa sipanala ndithu. Ambiri akamaonera masewerawa maso awo amathera pa moto wotuluka m'mapaipi ndi pa dalaivala akamavula chipewa, inu mwaona anthu akumbuyo aja. Masekondi anayiwo ndi mayeso chabe a ntchito yomwe manja a anthu khumiwo agwira kale. Ndi ntchito yeniyeni, ena akalambira momwemo, ndipo amakaniko angapo anafikadi pogwira chiwongolero. Koma khomo la makaniko ndi khomo la dalaivala ndi osiyana. Loyamba limatseguka ndi luso ndi kupirira, pamene lachiwiri kawirikawiri limafunanso thumba lonona.

Zambiri zomwe mukuonerazo ndi za NHRA, bungwe loyendetsa mipikisano ya drag racing ku America, lomwe Wally Parks anayambitsa ku California mu 1951 pofuna kuchotsa achinyamata m'misewu momwe ankapikisana mwachisawawa, n'kuwapatsa bwalo ndi malamulo. Chikho cha wopambana mpaka lero amangochitchula kuti Wally. Pa chaka pamakhala mipikisano pafupifupi 20, kuyambira ku Gainesville, Florida, mu Malichi mpaka ku Pomona, California, mu Novembala, ndipo waukulu koposa ndi U.S. Nationals wa ku Indianapolis. Magulu a akatswiri alipo anayi. Top Fuel ndi zazitali zija, zowonda kutsogolo, zokhala ndi phiko kumbuyo. Funny Car zili ndi injini yofanana ndi Top Fuel koma ili kutsogolo kwa dalaivala, ndipo zimavala chigoba chooneka ngati galimoto wamba. Pro Stock, magalimoto ooneka ngati a pamsewu, ndi njinga zamoto za Pro Stock Motorcycle zimayendera petulo wa mpikisano. Lachisanu ndi Loweruka amathamanga polimbirana malo, ndipo magalimoto 16 a liwiro koposa ndiwo amalowa chipulula cha Lamlungu, awiriawiri, wogonja n'kumalongedza. Kuti utenge chikho uyenera kupambana kanayi tsiku limodzi. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa ntchito ya anthu khumi aja yagona pamenepo.

Injini ya Top Fuel ndi V8 ya malita 8.2, yotengera kapangidwe ka Hemi yakale ya Chrysler koma yosemedwa kuchokera ku chipika cha aluminiyamu. Imatulutsa mphamvu pafupifupi 11,000 horsepower. Hilux ya 2.8 yomwe mumakonza pa galaja panu ili ndi 200 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti silinda imodzi yokha ya injini iyi ikuposa ma Hilux 6. Ilibe radiyeta, ilibe madzi. Mafuta omwewo ndiwo amaiziziritsa. Chinsinsi chili m'mafutawo, nitromethane. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti ipse bwino, pamene nitromethane amafuna 1.7 basi chifukwa amabwera ndi okosijeni wakewake. Choncho mu silinda yomweyo ungawotchemo mafuta ochuluka ka 8 kuposa petulo. Malamulo amalola 90 peresenti nitro, yotsalayo methanol, ndipo ulendo umodzi, kuphatikiza kutenthetsa injini ndi matayala, umamwa malita oposa 50. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo pofika kumapeto kwa bwalo nsonga zake zimakhala zitapserera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Injini ikamazungulira ka 8,000 pa mphindi, ndiye kuti ka 133 pa sekondi. Chulukitsani ndi masekondi 3.7, mupeza pafupifupi 500. Injini yonseyo imamangidwa kuti izungulire ka 500 ili pa mphamvu yake yonse, basi, kenako aiphwasule. Inu ndi ine tinaphunzira kumanga injini yoti iyende makilomita 300,000. Anthu awa amamanga yoti iyende mamita 305 ili m'mphepete mwenimweni mwa kuphulika, n'kuimanganso kanayi tsiku limodzi.

Galimoto ikangoima kumapeto amaikoka kubwerera nayo ku msasa wa timu, pambali pa thiraki lawo, ndipo wotchi imayamba kuwerenga. Nthawi yozolowereka ndi mphindi 75, koma pakakhala kanema woulutsa pompopompo imachepa mpaka ola limodzi kapena kucheperapo. Aliyense ali ndi malo ake ndipo salowerera a mnzake. Wina achotsa supercharger, chopopera mpweya chachikulu chija chili pamwamba pa injini. Awiri agwira ma silinda hedi, uyu kumanja uyo kumanzere, zitsulo zikadali zotentha moti popanda magolovesi okhuthala chikopa chitsalira pomwepo. Pansi pa galimoto pagona chagada munthu amene amamutcha diver, ngati wodumphira m'madzi, ndipo dzinalo linamuyenera chifukwa oyilo wotentha wosakanikirana ndi nitro amamudonthera kumaso pamene akugwetsa sampu, kumasula mabawuti a marodi ndi kukankhira mapisitoni m'mwamba kuti anzake awalandire. Ndiye amene amayamba kuona maberingi, ndipo beringi imanena zoona: ikaphwanyika mosiyana ndi zinzake, silinda imeneyo inali pa mavuto. Kumbuyo kwa injini wina akutulutsa kilatchi. Wina ali pa matayala, wina akusakaniza mafuta n'kuwayeza, wina akupinda maparachuti, ntchito yomwe madalaivala ambiri amakonda kugwira okha pa chifukwa chomwe mungachiganize nokha. Mapisitoni ndi marodi ena okonzedwa kale alowa, mahedi ena akwera, mabawuti amangidwa ndi torque wrench motsatana mwa dongosolo lake, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 40 injini ikulira kale kuti aone ngati pali podontha.

Zonsezi zimachitika anthu akuonerera. Ku NHRA tikiti iliyonse imakulolani kulowa m'misasa, ndiye makaniko amagwira ntchito khamu litaima kuseri kwa chingwe mamita awiri okha. Akaliza injini, utsi wa nitro umatulutsa misozi ngati tsabola wokazinga, koma anthu sasuntha.

Ndichedwe pang'ono pa kilatchi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale amakaniko, amasokonezeka. Top Fuel ilibe magiya osintha. Ili ndi giya yobwerera m'mbuyo yokha, ndipo mphamvu imachoka ku injini kupita ku matayala kudzera mu kilatchi ya mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mutapereka mphamvu yonse ija ku matayala nthawi imodzi, angangopalasa pomwepo n'kufuka utsi. Choncho kilatchi imayamba ikutsetsereka mwadala, n'kumagwira pang'onopang'ono galimoto ikamapita, mpaka itagwiratu chapakati pa bwalo. Chomwe chimalamulira kagwiridwe kameneka ndi timiyala ta chitsulo tomangidwa pa zala za kilatchi, ndi mawotchi otcheredwa galimoto isananyamuke. Malamulo salola kompyuta yoti izimva tayala likuterera n'kuchepetsa mphamvu yokha. Kompyuta ya m'galimotomo imangolemba zomwe zachitika kuti aziwerenge pambuyo pake. Ndiye chilichonse chimadalira kuti mbale zija zagwira monga momwe anayembekezera. Makaniko wa kilatchi amapala mbale iliyonse kuti isalale, amaiyeza ndi micrometer, amalemba m'buku, ndipo amadziwa kuti mbale zopangidwa mwezi uno sizigwira chimodzimodzi ndi za mwezi watha ngakhale fakitale ndi yomweyo. Matimu amasunga mbale za gulu lomwe alizolowera ngati mbewu ya chaka chamawa. Akalakwitsa pang'ono ponga kukhuthala kwa pepala, galimoto ipalasa kapena igwedezeka mpaka dalaivala kusiya kuona bwino.

Pamwamba pa onsewa pali crew chief, mkulu wa amakaniko, ndipo kunena mosapsatira ndiye amathamangitsa galimoto, dalaivala amangoiperekeza. Ntchito yake ndi kuwerenga mpweya ndi nthaka. Amayang'ana kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya, amapita pa mzere woyambira kukaponda ndi nsapato kuti amve mmene labala ndi guluu wothiridwa pa bwalo zikumatira, amayeza kutentha kwa pansi. Akatero amasankha gasiketi ya hedi yokhuthala kapena yopyapyala kuti asinthe kompuresheni, pule ya supercharger, nthawi yomwe mapulagi aziwombera, kuchuluka kwa mafuta, kulemera kwa timiyala ta kilatchi, ndi mpweya wa m'matayala, womwe umakhala wochepa kwambiri, pafupifupi theka la bar. Mtambo ukaphimba dzuwa ali kale pa mzere, bwalo limazizira ndipo mumamuona akuthamangira ku galimoto kukasintha kanthu. Inu muli ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mukudziwa kuti galimoto yopanda turbo yochokera ku Durban imafika kumeneko itafooka. Ndi vuto lomwelo lomwe akuluakuluwa ankalimbana nalo chaka ndi chaka ku Bandimere Speedway pafupi ndi Denver, bwalo la pamtunda wofanana ndi umenewo, mpaka litatsekedwa mu 2023.

Mukafuna umboni wa kulemera kwa munthu ameneyu, tsatirani mayina. John Force, yemwe poyamba anali dalaivala wa mathiraki, anathamanga zaka zambiri osapambana mpikisano wa NHRA ngakhale umodzi. Austin Coil anabwera kudzakhala crew chief wake mu 1985. Force anapambana koyamba ku Montreal mu 1987, anatenga ukatswiri wa chaka mu 1990, kenako zaka khumi zotsatizana kuyambira 1993 mpaka 2002. Pa maukatswiri ake 16 a Funny Car, 15 anawatenga Coil ali m'timumo. Wina ndi Alan Johnson. Anapambana ndi Gary Scelzi, kenako zaka zisanu zotsatizana ndi Tony Schumacher kuyambira 2004 mpaka 2008, kenako ndi Larry Dixon, Del Worsham ndi Shawn Langdon. Doug Kalitta anathamanga zaka zoposa 25 akumathera pa nambala 2 kangapo, ndipo anadzatenga ukatswiri wake woyamba mu 2023, ali ndi zaka 59, Johnson akukonza galimoto yake. Madalaivala akusintha, mwini buku la manambala ndi yemweyo. N'chifukwa chake crew chief wodziwika amalimbiranidwa ngati wogoletsa zigoli, ndipo ambiri a iwo anayamba ndi kutsuka zitsulo.

Komabe musamupeputse dalaivala. Amayamba ndi kupalasa matayala atawanyowetsa, utsi kuti tolo, kuti atenthe ndi kusiya mizere iwiri ya labala watsopano pansi. Kenako amabwerera cham'mbuyo mnzake akumulozera ndi manja kuti matayala agwere m'mizere yomweyo. Ndiye amasendeza galimoto pang'onopang'ono mpaka tayala lakutsogolo litadula kuwala kwa pa mzere woyambira. Onse awiri akakhazikika, pa mlongoti womwe amautcha Christmas tree magetsi atatu achikasu amayaka limodzi, ndipo obiriwira amatsatira patapita 0.4 ya sekondi. Ukadikira kuona obiriwira, wachedwa kale. Ukanyamuka msanga amayaka ofiira, wagonja pomwepo, thukuta lonse la anzako lapita pachabe. Wotchi ya galimoto iliyonse imayamba galimotoyo ikanyamuka, koma wopambana ndi amene wayamba kufika, choncho galimoto yochita 3.75 ikhoza kugonjetsa ya 3.72 ngati dalaivala wake ananyamuka msanga ndi 0.04. Kupambana kotere amati holeshot, ndipo palibe chowawa kwa dalaivala ngati kubwerera ku msasa atagonja mwa njira imeneyi, anyamata atamupatsa galimoto yabwino.

Akaponda moto, galimoto imafika makilomita 160 pa ola sekondi imodzi isanathe, thupi litakanikizidwa ku mpando ndi mphamvu yoposa kanayi kulemera kwake. Silinda imodzi ikazima, mapaipi a mbali inayo amakankhira galimoto cham'mbali ndipo ayenera kuibweza isanadutse mzere wapakati kapena kugunda khoma. Matayala akayamba kupalasa ayenera kuchotsa phazi n'kupondanso m'kuphethira kwa diso, akudziwa kuti kuchita zimenezo molakwika kumaphulitsa injini. Kumapeto amakhala akuyenda makilomita oposa 530 pa ola. Kenny Bernstein anali woyamba kudutsa mamailosi 300 pa ola, ku Gainesville mu 1992. Brittany Force anachita masekondi 3.623 mu 2019 ndipo mu 2025 anadutsa mamailosi 340, omwe ndi makilomita pafupifupi 547. Ndiye maparachuti atseguka, thupi n'kuponyedwa kutsogolo. Don Garlits ndi Joe Amato, madalaivala akale a Top Fuel, onse anavulala m'kati mwa maso chifukwa cha kuima mwadzidzidzi kotereku kwa zaka zambiri. Ndipo masekondi anayiwo akatha, dalaivala amathera tsiku lonse akusaina zipewa, kujambulitsa ndi anthu ndi kucheza ndi alendo a kampani yomwe dzina lake lalembedwa pa galimoto. Imeneyo ndiyo theka lalikulu la ntchito yake.

Tsopano funso lanu lenileni. Inde, amakaniko anakhalapo madalaivala, ndipo m'masewera ano zimachitika kwambiri kuposa mu Formula One. Robert Hight anali makaniko wa kilatchi pa galimoto ya John Force kuyambira 1995, anapatsidwa chiwongolero mu 2005, n'kutenga ukatswiri mu 2009, 2017 ndi 2019. Larry Dixon anagwira sipanala kwa Don Prudhomme asanakhale dalaivala wake, ndipo anatenga ukatswiri wa chaka kawiri kumeneko, kachitatu n'kukautengera ku timu ina. Greg Anderson anali crew chief wa Warren Johnson mu Pro Stock, pambuyo pake yekha anapambana mipikisano yoposa 100. Austin Prock anagwirapo ntchito ya manja m'timu ya Force, ndipo mu 2024 anatenga ukatswiri wa Funny Car bambo ake Jimmy Prock ali crew chief, mchimwene wake Thomas akuthandizira. Chitsanzo choyandikira nkhani yanu ndi Richie Crampton, mlendo wochokera ku Adelaide, Australia, yemwe anakhala zaka zingapo ngati makaniko ku Morgan Lucas Racing. Mpando utapezeka mu 2014 anamupatsa iyeyo, ndipo chaka chomwecho anapambana U.S. Nationals.

Koma taonani bwino mndandandawu. Hight anali mkamwini wa Force. Prock ndi mwana wa crew chief, mdzukulu wa dalaivala. Masewerawa ndi a mabanja kwambiri: ana atatu aakazi a Force, Ashley, Brittany ndi Courtney, onse anathamanga m'timu ya bambo awo. Njira ina ndi yoyamba uli mwana. Erica Enders anayamba ali ndi zaka 8 mu Jr. Dragster, timagalimoto ta ana tothamanga theka la bwalo, ndipo watenga ukatswiri wa Pro Stock ka 6. Antron Brown anathamanga zaka khumi pa njinga yamoto asanasamukire ku Top Fuel mu 2008, ndipo mu 2012 anakhala munthu wakuda woyamba kutenga ukatswiri waukulu wa mipikisano ya magalimoto ku America. Anabwerezanso mu 2015, 2016 ndi 2024, komaliza ali ndi timu yakeyake. Ambiri amadzera ku sukulu ya Frank Hawley ku Gainesville kukatenga layisensi, kenako n'kuthamanga gulu locheperako la Top Alcohol. Ngakhale Tony Stewart, katswiri katatu wa NASCAR, mpikisano wina wa magalimoto ku America, anayamba wadzera kumeneko mu 2023 asanakwere Top Fuel.

Ndiye pali ndalama, nkhani yomwe kanema sakonda kuitchula. Kuyendetsa galimoto imodzi ya nitro chaka chonse kumadya madola mamiliyoni angapo, ndipo mphoto ya mpikisano singabweze ndalama zimenezo ngakhale utamapambana kawirikawiri. Timu imakhala ndi moyo chifukwa cha masiponsa kapena bizinesi ya mwini wake. Connie Kalitta ali ndi kampani ya ndege zonyamula katundu. Malemu Don Schumacher anali ndi fakitale ya matchaja a mabatire. Steve Torrence, yemwe anapambana zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2021, amathandizidwa ndi kampani ya banja lawo yoyala mapaipi ku Texas. Siponsa akachoka, mbiri yako sikuteteza. Tony Schumacher anali atatenga ukatswiri ka 8, koma asilikali a America, omwe anali siponsa wake, atasiya kulipira kumapeto kwa 2018, chaka cha 2019 anakhala pakhomo. Force mwini wake anataya masiponsa ake Castrol ndi Ford nthawi imodzi kumapeto kwa 2014 ndipo anachita kuyendayenda kusaka ena. Choncho mwini timu akakhala ndi mpando wopanda munthu, amene wabwera ndi siponsa m'manja amayamba kulowa, waluso wopanda kanthu n'kumadikira panja. Alipo omwe anabowola khomalo, monga Clay Millican, yemwe ankayendetsa folokolifiti m'nyumba yosungira katundu ndipo anadzapambana mpikisano wake woyamba wa NHRA ku Bristol mu 2017, koma ndi owerengeka.

Kwa makaniko moyo wake uli chonchi. Matimu akuluakulu ambiri ali ndi magalaja awo ku Brownsburg, katauni ka ku Indiana pafupi ndi bwalo la U.S. Nationals, oyandikana moti munthu akachotsedwa ntchito kuno amangowoloka msewu kukagogoda uko. A Kalitta ali ku Ypsilanti, Michigan. Amakaniko amalembedwa ntchito ya chaka chonse, ndipo galimoto ikapambana pamakhala kabonasi. Koma kuyambira Malichi mpaka Novembala nyumba yako ndi hotela. Anthu omwewo amamanga msasa, amauphwasula Lamlungu usiku, ndipo ena a iwo amayendetsa mathiraki masiku awiri kapena atatu kupita ku bwalo lotsatira, n'chifukwa chake wokhala ndi layisensi ya thiraki amalembedwa msanga. Pakati pa sabata ndi kutsuka, kuyeza, kukonza mahedi ndi kumanga mainjini osungira. Achinyamata ambiri amabwera kuchokera ku masukulu a zamagalimoto monga University of Northwestern Ohio, ndipo ambiri amasiya pakatha zaka zochepa chifukwa cha kutopa ndi kusowa nthawi ya banja. Walira mvula walira matope. Otsalawo amakwera kuchoka pa matayala kupita pa mahedi kapena pansi pa injini, kenako kilatchi, kenako wachiwiri kwa crew chief.

Pali chinanso choti muchidziwe musanaikonde ntchitoyi. Galimoto zimenezi zimapha. Mu 1970 ku Long Beach giyabokosi ya nthawi imeneyo inaphulikira Don Garlits n'kumudula mbali ya phazi lamanja, ndipo ali m'chipatala anakonza pulani ya galimoto ya injini kumbuyo kwa dalaivala, yomwe anapambana nayo mu 1971 ndipo Top Fuel zonse zimatsatira mpaka pano. Eric Medlen, yemwe anali makaniko wa Force asanakhale dalaivala, anamwalira mu Malichi 2007 tayala litawonongeka poyeserera ku Gainesville, bambo ake John Medlen ali crew chief wa galimoto yomweyo. Bambowo anathera zaka zotsatira akukonza kamangidwe ka malo okhala dalaivala kuti mutu uzitetezeka. Scott Kalitta anamwalira mu Juni 2008 ku Englishtown, New Jersey, injini itaphulika n'kuwononga maparachuti, ndipo n'chifukwa chake Top Fuel ndi Funny Car zinasiya kuthamanga mamita 402 n'kuyamba 305. Force mwini wake anavulala mutu kwambiri ku Virginia mu Juni 2024 ali ndi zaka 75. Makaniko amene amamanga malamba a dalaivala n'kumusisita paphewa injini isanalire amadziwa zonsezi.

Nanga inu muyambire pati? Ndikuuzeni zoona: kuchoka pa galaja ya ku Johannesburg kukafika ku Brownsburg ndi ulendo wautali, ndipo chopinga choyamba ndi chilolezo chogwirira ntchito ku America. Timu singavutike ndi mapepala a munthu yemwe sanagwirepo galimoto ya mpikisano pamene pakhomo pali achinyamata a komweko akudikira. Aliyense wokulonjezani ntchito yotere pa WhatsApp mutamutumizira ndalama ndi wakuba. Crampton anafika ku America atadziwa kale ntchitoyi kwawo. Ida Zetterström anayamba watenga ukatswiri wa Top Fuel wa ku Ulaya mu 2023 asanapite ku NHRA chaka chotsatira. Onse anayamba ndi bwalo lomwe linali pafupi nawo.

Lanu lili pafupi. Tarlton International Raceway ili kufupi ndi Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg. Magalimoto ambiri opikisana ku South Africa ndi a pamsewu osinthidwa injini, a turbo ndi ma V8, ndipo eni ake ambiri amalipira okha, amathandizidwa ndi abale ndi anzawo. Anthu otere amasowa manja. Abale athu a ku Britain ali ndi mwayi woposa, chifukwa ku Santa Pod ku Bedfordshire, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 1966 pa malo akale a ndege za nkhondo, kumathamanga Top Fuel zenizeni, ndipo matimu a ku Ulaya amadalira kwambiri anthu ongodzipereka. Za mipikisano ya usiku m'misewu ya m'tauni musayandikire n'komwe. Simuphunzirako kuyeza kanthu, ndipo mlandu umodzi wa kupolisi ukhoza kukutsekerani mapepala a dziko lililonse, makamaka inu mlendo.

Pa galaja panu pomwepo yambani kudzizoloweza zomwe matimu amayang'ana. Mangani bawuti iliyonse ya injini ndi torque wrench, musiye zoyezera m'dzanja zija timanyadira nazo. Phunzirani micrometer ndi dial gauge, ndipo muzolowere mainchesi pamodzi ndi mamilimita chifukwa zida za ku America zimayezedwa m'mainchesi. Muzilemba zomwe mwayeza. Mukapeza mpata phunzirani kuwotcherera kwa TIG ndi kugwiritsa ntchito lathe, ndipo ngati mapepala anu akulola tengani layisensi ya Code 14, yoyendetsera mathiraki akuluakulu. Kenako tsiku la mpikisano pitani m'mamawa, yendani m'misasa, sankhani timu yomwe ikuoneka yochepa manja, dikirani mpaka atapuma, mudzitchule ndi kunena ntchito yomwe mumagwira. Musatchule zoyendetsa galimoto. Adzakupatsani beseni la zitsulo zoti mutsuke kapena geji ya matayala, ntchito ya sipanala boyi yomwe munaisiya kalekale, mwina popanda malipiro kupatula chakudya chamasana. Itengeni. Potsukapo muziyang'ana pisitoni iliyonse ndi pulagi iliyonse, muziziyala motsatira nambala ya silinda yomwe zachokera, ndipo mukaona imodzi yapsa mosiyana ndi zinzake, kamuonetseni mkulu wa timuyo asanafunse.